Paketi imathera pati? Utali wa uthenga pa TCP, kuonera pa Git

PA SIKIRINI: terminal, mizere ikutsika pambuyo pa lamulo ili
GIT_TRACE_PACKET=1 git ls-remote origin

Takulandirani nonse. Mizere mukuionayi ndi macheza a seva ndi Git, pulogalamu yosungira ndi kugawana code. Seva ikuti version 2, ikutchula zimene imatha kuchita, kenako 0000. Git ikuyankha, seva ikutumiza mayina a ma branch. Mzere uliwonse uli ndi poyambira ndi pothera pake. Ndiye ndikufunseni: wadula mizere imeneyi ndani? TCP, protocol imene imanyamula ma byte pakati pa makompyuta awiriwa, siinadule ayi.

TCP inalembedwa mu chikalata cha malamulo a intaneti chotchedwa RFC 793 mu 1981, ndipo lero ili mu RFC 9293 ya 2022. Lonjezo lake ndi loti ma byte amene mwatumiza afika onse, woyamba patsogolo, womaliza pambuyo. Za malire a uthenga wanu ilibe nazo ntchito. Mukathira zidebe zitatu za madzi mu payipi, kotulukira kuja kumangotuluka madzi, palibe chosonyeza pamene chidebe choyamba chathera. Mukaitana send, lamulo lotumizira, katatu, mnzanu akhoza kulandira zonse pa recv imodzi, lamulo lolandirira. Mukaitana send kamodzi ndi ma byte 5000, iye akhoza kulandira 1460 kaye, otsalawo n'kubwera pambuyo, chifukwa pa Ethernet chidutswa chimodzi cha TCP chimanyamula pafupifupi ma byte 1460.

Chopusitsa n'chakuti mukamayesa pulogalamu pa kompyuta yanu yomweyo, send imodzi kawirikawiri imafanana ndi recv imodzi. Zonse zimaoneka ngati zili bwino. Vuto limadzatulukira pulogalamu ikafika pa foni ya munthu amene netiweki ikumuvuta, uthenga n'kufika theka.

Choncho malire muyenera kuika nokha. Njira ina ndi kuika chizindikiro kumapeto. SMTP, imene imanyamula imelo, imatseka uthenga ndi mzere wokhala ndi kadontho kokha. Nanga wolemba kalata akayamba mzere ndi kadontho? Wotumiza amaonjezera kadontho kena, wolandira n'kukachotsa. Zimatheka, koma muyenera kuunika byte iliyonse, ndipo ngati mukutumiza zithunzi kapena mafayilo opanikizidwa, palibe byte imene mungalumbire kuti siipezeka mkati. Njira imene tikukamba lero ndi yonena utali poyambirira penipeni: ma byte akubwerawa ndi angati.

PA SIKIRINI: mzere umodzi wokulitsidwa, zilembo zinayi zoyamba zili zofiira
0009done\n

Git imatcha paketi yake pkt-line. Zilembo zinayi zoyamba ndi utali wa paketi mu hex, kawerengedwe ka 16 kogwiritsa ntchito 0 mpaka 9 ndi a mpaka f, ndipo trace ija imazibisa, imangokuonetsani za mkati. Tiwerengere limodzi. Mawu akuti done ndi ma byte 4. Chodulira mzere ndi byte 1. Zonse pamodzi 5. Nanga 9 yachokera kuti? Git imawerengera kumodzi zilembo zinayi za nambalayo. 4 kuphatikiza 5 ndi 9.

PA SIKIRINI:
0008NAK\n
0032want kenako zilembo 40 za commit, kenako \n
0000

Wachiwiriyu samalani naye. 0032 si 32. Ndi hex, ndiye kuti 50: zilembo 4 za utali, 5 za want ndi mpata wake, 40 za commit, ndi chodulira mzere.

Tsopano taonani nzeru yake. Popeza nambala imadziwerengera yokha, paketi yeniyeni singachepere pa 0004. Ndiye kuti 0000 mpaka 0003 zangokhala zopanda ntchito, ndipo anthu a Git anapatsa zina mwa izo ntchito. 0000 ndi flush, kutanthauza kuti ndamaliza gawo ili, yankhula iwe. Protocol version 2 itabwera mu Git 2.18 mu 2018, 0001 inakhala yolekanitsa zigawo mkati mwa pempho limodzi. Kumwambaku nako kuli malire: pkt-line siiloledwa kupitirira ma byte 65520, ndiye kuti katundu weniweni, uthenga wa mkati mwa paketi, ndi 65516. Fayilo yaikulu ya pack, mtolo wa code umene Git imatumiza, imadulidwa m'mapaketi ambirimbiri, ndipo byte yoyamba ya katundu imanena njira: 1 ndi pack yeniyeni, 2 ndi mauthenga a mmene ntchito ikuyendera, 3 ndi vuto. Mizere ija ya remote: Counting objects imene mumaiona pochita clone imadzera pa njira 2, pa waya womwewo umene ukunyamula code yanu.

Ma protocol ena amachita zofanana koma osati ndendende, ndipo apa m'pamene anthu amagwera. DNS, imene imapeza adiresi ya dzina la pa intaneti, ikamayenda pa TCP imaika ma byte 2 patsogolo, ndipo nambalayo siidziwerengera. Database ya PostgreSQL imaika byte imodzi ya mtundu wa uthenga, kenako ma byte 4 a utali amene amadziwerengera okha koma osawerengera byte ya mtundu ija. gRPC, njira yoti mapulogalamu aziitanana pa netiweki, imaika byte imodzi yonena ngati uthenga wapanikizidwa, kenako ma byte 4. Musanalembe code, tsegulani chikalata cha protocol mupeze chiganizo chonena zimene nambalayo ikuwerenga. Kuphonya ndi ma byte 4 okha n'kokwanira kuononga zonse zobwera pambuyo.

PA SIKIRINI: code ya Python

def werenga_onse(sock, n):
    nkhokwe = bytearray()
    while len(nkhokwe) < n:
        chidutswa = sock.recv(n - len(nkhokwe))
        if not chidutswa:
            raise ConnectionError("adula pakati pa paketi")
        nkhokwe += chidutswa
    return bytes(nkhokwe)

Ntchito yonse yowerenga yagona pa mizere imeneyi. Mukauza recv kuti 100, simunaiuze kuti indipatse 100. Mwaiuza kuti usapitirire 100. Ikhoza kukupatsani 100, 37, ngakhale imodzi. Ndiye timazungulira mpaka nkhokwe itadzaza, ndipo ulendo uliwonse timapempha zotsala zokha kuti tisalume paketi yotsatira.

Ambiri loop imeneyi amaikumbukira pa katundu n'kuiiwala pa mutu, ma byte a utali aja. Amati ma byte 4 okhawa angadukenso? Amaduka. Ngati paketi yapitayo yathera pafupi ndi mapeto a chidutswa cha TCP, ma byte 2 a utali afika tsopano, 2 enawo mtsogolo. Mutu nawonso uwerengedwe ndi werenga_onse.

Mzere wa if not chidutswa uja musauchotse. recv ikabweza zopanda kanthu, ndiye kuti mnzanu watseka, ndipo popanda mzere umenewu loop izizungulira mpaka kalekale, CPU n'kumatentha pachabe. Komanso kutseka kuli pawiri. Akatseka musanawerenge byte iliyonse ya mutu watsopano, amangotsanzika, palibe cholakwa. Akatseka muli pakati pa paketi, uthenga wadukira panjira ndipo zidutswa mwagwirazo muzitaye. Go imasiyanitsa bwino zimenezi: io.ReadFull imabweza EOF ngati sinawerenge kalikonse, ndi ErrUnexpectedEOF ngati yawerenga theka. Zinenero zambiri loop iyi zili nayo kale. Rust ili ndi read_exact, Java ili ndi readFully, asyncio ya Python ili ndi readexactly. Ine ndimati ilembeni kamodzi ndi manja kuti muimvetse, kenako muzigwiritsa ntchito zokonzakonzazo.

PA SIKIRINI: ma byte anayi m'timabokosi
00 00 00 05

Git imalemba utali m'zilembo, koma pa ma protocol amene salemba utali m'zilembo, pali nkhani ya mbali yoyambira. Pa netiweki mwambo ndi big-endian, byte yaikulu patsogolo. Koma makompyuta ambiri amene tili nawo, a Intel ndi AMD komanso mafoni a ARM, mkati mwake amasunga nambala chambuyo. Timabokosi iti tikutanthauza 5. Mukatiwerenga chambuyo mupeza 83,886,080, ndipo pulogalamu yanu ikhala chete kudikira ma megabyte 80 amene sadzabwera. Mu C mankhwala ake ndi htonl ndi ntohl. Mu Python ndi struct, pogwiritsa ntchito chilembo cha ! kutsogolo kwa I.

Kulemba n'kosavuta, koma kuli timisampha take. Koyamba, werengani ma byte, osati zilembo.

PA SIKIRINI:
len("Malaŵi") ndi 6
len("Malaŵi".encode("utf-8")) ndi 7

Chilembo cha ŵ chimatenga ma byte 2 mu UTF-8. Mukalemba 6 pamutu n'kutumiza ma byte 7, i womalizayo atsalira mu stream, ndipo wolandira amutenga ngati byte yoyamba ya utali wa paketi yotsatira. Uthenga woyamba ungooneka kuti wasowa chilembo chimodzi, koma wachiwiri ndi onse otsatira aonongeka. Chitani encode kaye, muyeze zimene zatulukazo.

Kenako send nayo ili ndi khalidwe la recv: ikhoza kutumiza theka n'kukuuzani kuti ndafika apa. Mu Python gwiritsani ntchito sendall. Ndipo mutu ndi katundu muzilumikize, zipite pa ulendo umodzi. Chifukwa chake ndi ichi. Mu 1984 John Nagle analemba njira, mu RFC 896, yoti TCP isamadzaze netiweki ndi timapaketi ting'onoting'ono: ngati pali zina zimene sizinavomerezedwe kuti zafika, kachidutswa kotsatira kadikire. Mbali inayo nayo imachedwetsa dala chivomerezo, kuyembekeza kuti ichikweze pa yankho. Inu mukatumiza mutu pawokha, katundu wamng'ono pambuyo, wotumiza ndi wolandira amayang'anizana kwa ma millisecond 40 pa Linux, mwinanso 200 pa makina ena, pa uthenga uliwonse. Ngatinso ma thread angapo akulemba pa socket imodzi, ikani lock pa paketi yonse, kuopa kuti mutu wa uyu ungatsatidwe ndi katundu wa uyo.

Tsopano gawo limene ine ndimaliona kuti ndi lalikulu kuposa onse. Nambala ya utali ndi mawu a munthu wina, ndipo munthu wina akhoza kulakwitsa kapena kunama.

PA SIKIRINI:
G E T mpata
47 45 54 20
1,195,725,856

Wina akaloza browser pa port ya seva yanu, ma byte 4 oyamba akhala GET ndi mpata. Mukawawerenga ngati utali, ndi 1,195,725,856, kupitirira gigabyte imodzi. Seva yokhulupirira chilichonse ipempha memory yonseyo nthawi yomweyo, ndipo alendo ochepa otere aigwetsa. Amene amayendetsa Kafka, seva yoyendetsa mauthenga pakati pa mapulogalamu, nambala imeneyi amaidziwa, imapezeka mu log ikukanidwa chifukwa yaposa malire a 104857600. gRPC nayo, musanasinthe kalikonse, imakana uthenga wobwera woposa ma megabyte 4. Inunso ikani malire, ndipo muyeze nambala musanapemphe memory. Onaninso pansi: pa protocol imene utali umadziwerengera, wina akatumiza 2 inu n'kuchotsa 4, pa nambala ya unsigned mu C, imene singatsike kupitirira 0, mupeza mabiliyoni anayi.

Heartbleed, vuto la chitetezo limene linalengezedwa mu April 2014, inali nkhani yomweyi. Mu OpenSSL, pulogalamu yobisira mauthenga pa intaneti kudzera mu TLS, uthenga wa heartbeat, wofunsa ngati mnzako adakalipo, unali ndi ma byte 2 onena utali wa katundu, ndipo seva inkayenera kubweza katundu yemweyo. Woukira ankatumiza katundu wochepa kwambiri n'kunena kuti ndi pafupifupi ma kilobyte 64. Utali weniweni wa zimene zafika unkadziwika, unali pa mutu wa record ya TLS, koma code siinafanizire nambala ziwirizo. Inkangokopera ma byte onse amene auzidwa kuchokera mu memory, n'kutumiza limodzi ndi ma password ndi zinsinsi za anthu ena zimene zinali pafupi.

Nanga mukapeza utali wopanda nzeru mutani? Tsekani connection. Musayese kudumpha ma byte kufunafuna poyambira paketi ina, chifukwa mu stream yotere mulibe chizindikiro choti mugwire. Git imachita chimodzimodzi. Tiyerekeze kuti pa seva wina waika echo Moni mu .bashrc, fayilo ya malamulo imene imayendetsedwa munthu akalowa, kuti azilandira anthu. Git ikalowa kudzera pa SSH, moniyo amatuluka git-upload-pack, pulogalamu ya Git ya pa seva, isanayankhule.

PA SIKIRINI:
fatal: protocol error: bad line length character: Moni

Git yatenga zilembo zinayi zoyamba, yapeza kuti M si hex, yasiyira pomwepo. Apa tachita mwayi. Malonjewo akanayamba ndi zilembo f, a, c, e, zonsezo ndi hex yovomerezeka, 64206, ndipo Git ikanakhala ikudikira katundu m'malo mokuuzani msanga chimene chavuta.

Musanatulutse code yanu, iyeseni motere. Lembani socket yabodza imene recv yake imapereka byte imodzi yokha ulendo uliwonse, muone ngati mapaketi atuluka athunthu. Kenako mupatseni mapaketi atatu pa recv imodzi. Dulani stream pakati pa mutu, mudulenso pakati pa katundu. Pomaliza mutumizireni utali wa FF FF FF FF, muyang'ane memory ya pulogalamu ngati yasuntha.