Tiyi ndi nyimbo m'thumba limodzi

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu m'mawa uno ali pa Miyambo 16:9: "Mtima wa munthu ulingalira njira yake, koma Yehova ayendetsa mapazi ake."

Ku Wales, dziko lamapiri ndi nkhosa ku Britain, kunali mwana wa mlimi dzina lake William Williams, wobadwa mu 1717. Mtima wake unali pa udokotala, ndipo anapita kusukulu ndi cholinga chimenecho. Ali komweko anamva mlaliki wina, Howell Harris, akulalikira pabwalo la tchalitchi m'tauni ya Talgarth. Mawuwo anamulasa mtima, maloto a udokotala n'kuthera pomwepo.

Mu 1740 Mpingo wa Anglican unamudzoza kukhala dikoni. Chotsatira chinali unsembe, koma mu 1743 anamukaniza. Mlandu wake? Kuyenda ndi a Methodist, gulu la chitsitsimutso la nthawi imeneyo, komanso kulalikira kunja kwa dera limene anamupatsa. Taganizani: udokotala wausiya chifukwa cha Mulungu, kenaka nyumba ya Mulungu yomweyo yakutsekera chitseko. Ambirife tikanakhala pansi n'kuyamba kuwerengera Mulungu zimene tinamutayira.

Iye anakhazikika pa famu ya Pantycelyn, kufupi ndi tauni ya Llandovery, moti mpaka lero amadziwika ndi dzina la famuyo. Mu 1744 anatulutsa kabuku kake koyamba ka nyimbo. Pomwalira mu 1791 anali atapeka nyimbo zoposa 800, zambiri m'Chiwelshi, chilankhulo chimene alimi ndi abusa a nkhosa ankayankhula pakhomo. Imodzi mwa nyimbozo, yopempha Yehova kuti atsogolere mlendo m'chipululu ndi kumudyetsa mkate wakumwamba, ikuimbidwabe m'mayiko ambiri. Ndimaona kuti munthu amene njira zake zonse zinali zosalala sakanatha kuipeka.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi thumba lake. Kwa zaka zoposa 40 ankayenda pakavalo m'midzi, kulalikira ndi kulimbikitsa timagulu ta okhulupirira tokumana m'nyumba. M'thumbamo munkakhala timabuku take togulitsa, komanso tiyi. Inde, tiyi! Mlaliki wamkulu chotero ankachita geni ya tiyi, ndipo sanaone manyazi. Ndalama zosindikizira mabuku sizigwa ngati mana. Wosindikiza amafuna zake, ana kunyumba amafuna kudya.

Ife nthawi zina timagawa moyo pawiri. Lamulungu ndi la Ambuye, Lolemba ndi la mimba. Ndiye munthu amapita kumsika mutu uli pansi, poganiza kuti amene akutumikira Mulungu ndi okhawo ovala kolala. Williams unsembe anamumana, koma guwa lake linali msewu, khonde la mlimi mnzake, ndi pepala limene ankalembapo madzulo atatopa.

Mayi amene mukuyala tomato pabenchi m'mawa uno, bambo amene mwanyamula khasu, mnyamata amene kalata ya kukoleji sinabwere: m'thumba mwanu muli chiyani lero?

Tipemphere. Atate, pali zitseko zimene zinatsekedwa ndipo mitima yathu ikuwawabe. Tigwireni dzanja pamene tikutuluka. Dalitsani katundu amene tanyamula, ndipo mutipatse mawu oyenera kwa munthu woyamba amene tikumane naye panjira. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.