Evil Dead II: Filimu Yochititsa Mantha ndi Kuseketsa pa Nthawi Imodzi

Takulandirani, owonera athu. Lero tikambirana za Evil Dead II, filimu ya ku America imene inatuluka mu Malichi 1987, ndipo funso lathu ndi lakuti: zinatheka bwanji kuti nkhani yochitikira m'kanyumba kamodzi kam'nkhalango, yojambulidwa ndi ndalama zochepa, iziopseza anthu ndi kuwaseketsa pa nthawi imodzi?

Eni ake anali anyamata atatu a ku Michigan: Sam Raimi wotsogolera filimu, Bruce Campbell wochita sewero, ndi Robert Tapert woyendetsa za ndalama. Filimu yawo yoyamba, The Evil Dead ya 1981, anaijambulira ku Tennessee ndi ndalama zosakwana madola 400,000, ndipo inatchuka wolemba mabuku Stephen King ataiyamikira poyera. Koma imene anapanga pambuyo pake, Crimewave, inalephera pamsika, choncho anabwerera ku nkhani imene inawapatsa dzina. King yemweyo ndiye anawalankhulira kwa Dino De Laurentiis, mwini kampani yopanga mafilimu, amene anapereka madola pafupifupi 3.5 miliyoni. Kwa ife zingamveke zambiri, koma ku Hollywood zinali zochepa, moti Raimi anasiya kaye maganizo ake opititsa nkhaniyi ku nthawi yamakedzana, n'kubwereranso m'kanyumba komwe kaja.

Panalinso vuto lina. Raimi analibe chilolezo chogwiritsa ntchito zithunzi za filimu yoyamba pokumbutsa owonera zimene zinachitika, ndiye anajambulanso chiyambicho mwachidule. M'malo mwa achinyamata asanu, tikuona awiri okha, Ash, yemwe gawo lake akuchita Campbell, ndi bwenzi lake Linda. N'chifukwa chake mpaka lero anthu amatsutsana ngati filimuyi ikupitiriza nkhani yoyamba kapena ikuibwereza.

Mtima wa filimuyi uli pa mphindi zimene Ash watsala yekha. Mzimu woipa ukulowa m'dzanja lake lamanja, ndipo dzanjalo likuyamba kumuswera mbale pamutu, kumukoka tsitsi ndi kumugwetsa pansi, mpaka iye akulidula ndi makina ochekera mitengo. Zambiri mwa zimenezi sizinafune luso lodula, chifukwa Campbell ankadzimenya yekha, koma ankachita mwaukatswiri woti wowonera amakhulupiriradi kuti dzanjalo lili ndi maganizo akeake. Raimi ndi mnzake wolemba naye nkhaniyi, Scott Spiegel, anakula akuonera The Three Stooges, akatswiri akale a nthabwala zomenyana ndi kugwa, ndipo anazindikira kuti kuopseza ndi kuseketsa zimayenda njira imodzi: umamudikiritsa munthu, mtima wake n'kukhala m'mwamba, kenako umamudzidzimutsa. Akakuwa kapena akaseka zimadalira chimene chatulukira pa mphindi yomalizayo. Ine chigawo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi chija mutu wa gwape wopachikidwa kukhoma ukuyamba kuseka, nyale ndi mabuku n'kumaseka nawo, Ash nayenso n'kulowerera. Umaseka naye ndithu, koma ukudziwa kuti ukuonerera munthu amene mutu wake ukusokonekera.

Zam'kati mwa kanyumbako anazijambulira mu 1986 ku Wadesboro, m'chigawo cha North Carolina, m'holo ya masewera ya sukulu ina, kunja kukutentha koopsa. Ted Raimi, mng'ono wake wa wotsogolera, ndiye anavala chovala cholemera cha labala kuti akhale Henrietta, chiwanda cha m'chipinda chapansi, ndipo thukuta linkadzaza m'chovalamo mpaka kumachita kulikhuthula. Pakati pa okonza ziwandazo panali Greg Nicotero, Howard Berger ndi Robert Kurtzman, amene pambuyo pake anayambitsa KNB, kampani yopanga ziwanda ndi zinthu zina zotere za m'mafilimu. Mzimu waukulu wa m'nkhalango, kwa nthawi yaitali ya filimuyi, suoneka n'komwe. Kamera ndiyo imathamanga pakati pa mitengo ndi kuthyola zitseko, ife n'kumaona ndi maso a chinthu chimene chikuthamangitsa Ash.

Ngakhale magazi anawaganizira. Ena anawapanga akuda, ena obiriwira, poyesa kupewa chiletso chokhwima cha bungwe loika malire a zaka za owonera. Zimenezi sizinakwanire, ndipo popeza kampani ya De Laurentiis sikanatha kutulutsa filimu yopanda chizindikiro cha bungwelo, inatuluka m'dzina la kampani ina yongokhazikitsira ntchito imeneyi, Rosebud Releasing Corporation. M'nyumba zoonetsera mafilimu inapeza madola pafupifupi 6 miliyoni, ndipo kutchuka kwake kwenikweni kunabwera pang'onopang'ono kudzera m'matepi a vidiyo amene anthu ankabwereka n'kukaonera kunyumba.

Kumapeto kwa filimuyi, Ash akugwa kuchokera kumwamba pamodzi ndi galimoto yake n'kupezeka m'chaka cha 1300, pakati pa asilikali ovala zitsulo. Imeneyo ndi nkhani ija Raimi anailephera chifukwa cha ndalama, ndipo anadzaijambula yonse mu Army of Darkness ya 1992.