Mtedza Umamuwenga Mwana Wanu? Musamupatse "Pang'ono Kuti Azolowere"

Muli bwanji abale anga a ku Chikwawa, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Marka uko! Musadumphe vidiyoyi, chifukwa pakatipa pali chinthu chimene ambiri timachita mwachikondi koma chingathe kupha mwana. Kaye dinani ka subscribe, n'kaulere.

Banja limodzi, mphika umodzi. Agogo ali ndi BP, kuchipatala anawaletsa mchere. Bambo ndi a Seventh Day, mlamba sakhudza poti ulibe mamba. Kamwana kakangodya nkhwani wotendera, thupi lonse zidzolo. Nanga mayi muphika bwanji?

Zoyambirira ndithamanga nazo. Zakudya zimene zimawenga anthu kawirikawiri ndi mtedza, mazira, mkaka, nsomba, nkhanu, soya, tirigu ndi chitowe. Inde, chitowe chathu cholima kunochi. Thupi limatenga chakudyacho ngati mdani n'kuyamba kulimbana nacho. Pakangopita mphindi zochepa, mwina mpaka maola awiri, munthu amayamba kuyabwa, kutupa milomo ndi zikope, kusanza, pena kubanika. Koma ngati mkaka umangokudzazani mpweya ndi kukutsegulani m'mimba, imeneyo ndi nkhani ina, ndi mimba yolephera kugaya shuga wa mumkaka, ndipo ambiri otere chambiko amamwa bwinobwino.

Choyamba: lembani zimene wadya ndi nthawi imene zidzolo zatuluka, mukaonetse kuchipatala. Kuno ndi kotentha, zina ndi zidzolo za thukuta chabe. Musamumane mwana zakudya zisanu mongoganizira.

Chachiwiri: patulani musanathire. Nkhwani wapsa, mwapungulira mwana m'mbale yake, kenako ndiye nsinjiro. Agogo chimodzimodzi, awo apatulireni mchere usanalowe. Mthiko umene watakasa zotendera usalowe m'mphika wa mwanayo, ndipo mtondo wosinjira mtedza musasinjiremo zake.

Chachitatu, ndipo apa khalani pansi. Mawu aja akuti, "Aaa, mupatseni pang'onopang'ono, azolowera." Ndawamva pamaliro, ndawamva paukwati, ndawamva m'minibasi potsika ku Thabwa. Ena amawonjezera kuti ndi matama, ati matenda a ana a m'tauni, m'nthawi yathu kunalibe. Kunali, agogo! Tinkangoti ndi mwanamphepo, ena n'kuloza chala nkhalamba ya m'mudzi kuti yalodza mwana.

Vuto lake ndi ili. Ziwengo sizichenjeza kuti lero zibwera ndi mphamvu yotani. Dzulo mwana anangoyabwa, mukati mwaona, si zoopsa. Mawa kansinjiro komweko ka kunsonga kwa supuni kakhoza kutupitsa lilime ndi kukhosi, mawu n'kusasa, chifuwa n'kumalira, mwana n'kulefuka. Tsopano ganizani muli ku East Bank, mvula yagwa, msewu waduka, wakabaza sakuyankha foni. Mukayesera kuti?

Wina m'makomenti alemba kuti, "Koma ine ndimaukazinga kwambiri." Achimwene, kukazinga sikuchotsa. Kuwiritsa sikuchotsa. Kusinja mpaka ukhale ufa sikuchotsa. Chimene chimawenga chili m'mtedza momwemo, moto suchipha. Nsombanso chimodzimodzi: yowamba, youma, yokazinga, ngati imamuwenga imamuwengabe.

Ndikudziwa kumene ena mwasokonekera. Mu 2015 madokotala a ku London anatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti makanda amene ayamba kudya mtedza adakali aang'ono, ambiri sudzawawenga akamakula. N'zoona. Koma akunena mwana amene sunayambe kumuwenga. Ndiye amayi amene ana anu ali bwinobwino, akakwana miyezi 6 pitirizani kuthira nsinjiro m'phala, ndipo dzira mupatseni, zija zoti mazira ndi oletsedwa kwa ana tizisiye. Koma amene watupapo kale, ayi. Kumayiko kumene amazoloweretsa thupi mtedza, amachitira kuchipatala, mlingo woyezedwa, dokotala ali pompo ndi jakisoni wa adrenaline, mankhwala opulumutsira munthu akatupa kukhosi n'kubanika. Sachitira pakhonde ndi chipande.

Ndipo inu apongozi, ndi ulemu wonse, mdzukulu akabwera kudzacheza musamubisire futali kuti muone ngati mayi ake akunama. Chimenechi chimandipweteka kwambiri. Amene mwakumanapo nazo lembani m'munsimu, ndikufuna ndiwerenge, ndipo tumizani vidiyoyi pagulu la WhatsApp la kubanja, aione okha.

Kodi zimatha? Za mkaka ndi mazira ana ambiri zimawathera akamakula. Za mtedza ndi nsomba kawirikawiri zimakhalitsa. Woti anene kuti tsopano yesani ndi dokotala.

Chachinayi: m'malo mwake adye chiyani? Potendera, sinjani nthanga za maungu. Khobwe, nandolo ndi nyemba ambiri owengedwa ndi mtedza amadya popanda vuto. Wosadya nsomba, mbuzi kuno si zosowa. Wa tirigu asiye buledi ndi mandasi, nsima ya chimanga, mapira kapena mchewere ilibe mlandu.

Chachisanu, zobisika. Chiponde cha kuchipatala chili ndi mtedza ndi mkaka, likuni phala lili ndi soya, choncho uzani alangizi a zaumoyo asanakupatseni, ndipo alembe m'kabuku ka kuchipatala. Uzaninso aphunzitsi ngati kusukulu kuli phala. Pamsika funsani mafuta a pachiwaya ngati akazingiramo nsomba. Pamsasa nthawi ya madzi osefukira, monga zinalili ndi namondwe wa Freddy mu 2023, chakudya chimaphikidwa mumphika umodzi, ndiye nenani msanga kwa ophikawo.

Chachisanu ndi chimodzi n'chachifupi. Akatupa lilime, akabanika kapena kukomoka, musamumwetse mankhwala azitsamba, musadikire kuche. Piriton amaziziritsa kuyabwa koma satsegula kukhosi. Thamangani ku chipatala chapafupi, kaya cha boma ku Nsanje kapena ku Chikwawa, kaya Montfort ku Nchalo, kaya Trinity ku Muona, mukanene chimene wadya ndi nthawi yake.

Za agogo a BP ndangozikhudza, ndikudziwa. Sabata ya mawa tikambirana mchere wobisala mu nsomba zouma ndi timakyubu tokometsera ndiwo, komanso ngati wodwala shuga angamwe thobwa. Dinani kabelu kuti isakudutseni. Tionana!