Komiti ya pa doko: musasankhe munthu wolandira ndiwo

Zikomo a Gulupu, mafumu onse, amayi ndi abambo. Amene muli kumbuyoko senderani kuno kumthunzi, mwerawu ukuuluza mawu.

Zimene zachitika Lachiwiri usiku nonse mwazimva. Khoka lagwidwa likukoka nyanja ili yotseka, ndipo kuthumba kwake anasokererako masikito. Ndowa zimene anatsitsa ndinaziona ndi maso angawa. Munadzaza kasawala, tiana ta chambo, tina tosafika ngakhale chala changa chapakatichi, tosakanikirana ndi ndere ndi mchenga. Munalinso chambo chachikazi, ndipo nditachikanula kukamwa, mazira achikasu anakhuthukira m'dzanja langa. Koma chandibweretsa lero si khokalo ayi. Ndi zimene zikunong'onedwa pa doko pano, zoti khoka lomwelo lakhala likukoka usiku ndi usiku, ndipo ena a m'komiti amalandira ndiwo m'mamawa n'kutseka pakamwa. Sinditchula munthu, mlanduwo uli m'manja mwa mafumu. Ine mlangizi wanu wa zausodzi ndabwera chifukwa Loweruka mukusankha komiti yatsopano, ndipo pempho langa ndi limodzi: musasankhe munthu wolandira ndiwo.

Tiyambe ndi chambo chenichenicho, poti ana athu ena akuyesa kuti kutseka nyanja ndi nkhanza za boma. Chambo chachimuna chimakumba chisa pamchenga, m'madzi osaya. Chachikazi chimaikira mazira pamenepo n'kuwatola, n'kuwasunga mkamwa kwa milungu ingapo, chosadya, mpaka aswe. Ana akaswa chimapita nawo m'mabango, ndipo akaona zoopsa amathawira mkamwa mwa mayi awo momwemo. Ndiye khoka likadutsa nthawi imeneyi limasalaza zisa, limatenga mayi, limatenga ndi ana amene ali mkamwa. N'chifukwa chake makoka amaimitsidwa mu Novembala ndi Disembala, ndipo lamulo limaletsa kupha chambo chosafika masentimita 15. Amayi, inu mukudziwa kuti nkhuku yokhalira mazira siiphedwa ngakhale kubwere mlendo wolemekezeka bwanji.

Akuluakulu muli panowa mukukumbukira Malombe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, nyanja imeneyo inkatulutsa chambo choposa matani 8,000 pa chaka. Patangopita zaka khumi, chinatsika kufika pa matani mazana ochepa chabe. Nkacha, khoka lokokedwa ndi maboti pakati pa nyanja, ndi makoka ena a maso ang'onoang'ono zinapala pansi ponse, udzu wa m'madzi umene ana a nsomba ankabisalamo unatha, anthu n'kutsala ndi tinsomba ta kambuzi. Boma linali ndi malamulo, linali ndi asilikali a zausodzi, koma anthu ochepa sangalondere gombe lonse usiku. Ndi pamene mu 1993 anayambitsa makomiti a m'madoko ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire, amene lero timangoti ma BVC. Mu 1997 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la kasamalidwe ka nsomba lovomereza kuti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali, ndipo lamulo lomwelo linaikanso bungwe lolangiza nduna pa zausodzi.

Ndiye onani mmene zinayenera kuyendera. Inu mumaona zimene zili m'madzi. Mumauza komiti, komiti imauza mlangizi ndi ofesi ya zausodzi ya boma lino, akatswiri ofufuza ku Monkey Bay amaphatikiza ndi kalembera wa nsomba zimene zimatsitsidwa m'madoko, ndipo malangizo amakwera mpaka kwa amene amasaina malamulo. Komiti sikuti ndi ya kulanda maukonde kokha. Ndi pakamwa panu. Pakamwapo pakadzaza ndi ndiwo za munthu mmodzi, mawu a mudzi wonse amathera pa doko pompano.

Ku Malombe komwe kuja makomiti oyamba sanayende bwino konse, ndipo zifukwa zake tizidziwe. M'makomiti ambiri munadzaza anthu osapha nsomba, ena ongotsata ndalama za pamsonkhano. Alovi, amene amanyowa usiku, anasiyidwa kunja. Malo ena komiti inkalimbirana mphamvu ndi mfumu. Ndalama za chithandizo zitatha, misonkhano inathanso. Pomwe ku Chiuta, pakati pa zaka za m'ma 1990, asodzi eni ake ndi amene anadzuka ataona nkacha zochokera kwina zikuvundula madzi ndi kusesa nsomba. Anapanga makomiti awo popanda wowalipira, n'kuthamangitsa nkachazo. Ku Mbenji, ku Salima, amfumu a Makanjira ndi anthu awo akhala akutseka chilumba chija kuyambira m'ma 1950. Amatseka mu Disembala, amatsegula mu Epulo, ndipo mowa ndi juga pachilumbapo n'zoletsedwa. Wolakwa amachotsedwa, kaya ndi mwana wa yani. Mudzafunse amene anapitako kukagula utaka nyengo yotsegulira.

Ndipo amayi ogula nsomba, musayang'ane kumbali ngati nkhaniyi ndi ya abambo okha. Kasawala wa Lachiwiri uja akanapita pa thandala la yani? Inu mukakana kugula, wokokayo alibe kopita naye. Masikitonso aja munalandira ku sikelo kuti mwana asadwale malungo. Lero mwana akugona pamtetete, neti ili m'madzi.

(Bambo wina aimirira: "Alangizi, inu mumalimbana ndi ife osauka. Nanga matrola aja amabwera usiku mpaka kufupi ndi gombe, kudula matchera athu, bwanji simuwagwira? Komitiyo ingawatani?")

Khalani pansi achimwene, funso lanu ndi loona ndipo sindilizemba. Matrola, maboti aakulu a injini okoka khoka, ali ndi malire awo. Saloledwa kukoka m'madzi osaya kufupi ndi gombe, ndipo nawonso ali ndi nyengo yawo yotsekera. Akalowa kuno akuphwanya lamulo, monga mmene khoka la Lachiwiri linaphwanyira. Kupweteka kwake ndikukumva. Munthu wakongola ndalama, wagula matchera, watchera madzulo, m'mawa akupeza zingwe zokhazokha zikuyandama. Komiti yanu ilibe boti lothamangitsira trola, zimenezo n'zoona, ndipo ndikukuletsani kupalasa bwato usiku kukalimbana nalo, mungafere pamadzi. Koma trola lililonse lili ndi laisensi, ndipo laisensi imaperekedwa ndi boma. Chimene ofesi imafuna ndi umboni: tsiku, nthawi, malo, dzina kapena nambala yolembedwa pa botilo, chithunzi cha pa foni ngati kwayera, ndi mayina a amene matchera awo adulidwa. Zikalembedwa m'buku la komiti, mfumu n'kudinda, madoko atatu anayi n'kubweretsa madandaulo ofanana, imeneyo ndi nkhani yoti munthu sangaikankhire pansi pa tebulo. Kudandaula kwa pa bawo sikufika kulikonse.

Tsono achimwene, taganizani. Mwini trola akafunsidwa, n'kuyankha kuti a pa doko limenelo nawonso amakoka ndi masikito ndipo komiti yawo imadya nawo, ife tiyankha chiyani? Mwaona pamene ndiwo zija zimatipwetekera? Zimatilanda mphamvu yodzudzula wamkulu.

Mkangano wotere suli kuno kokha. Ku America, m'chigawo cha Maryland, pa nyanja ya Chesapeake, amakola nkhono za m'madzi amchere zotchedwa oyster. Kukola mopyola muyeso, matenda ndi kuipa kwa madzi zinazitha mpaka kutsala kachigawo kakang'ono kwambiri ka zimene zinalipo kale. Boma la chigawocho lili ndi bungwe lolangiza mmene mumakhala asodzi, akatswiri a sayansi ndi oteteza chilengedwe, ndipo anaika lamulo loti malangizo asatuluke pokhapokha atatu mwa anayi alionse agwirizana. Amakangana kwambiri, makamaka pa malo oletsedwa kukolapo, koma msodzi amakhala pampando, mawu ake amawerengedwa. Ifenso mpando tili nawo, ndi komiti imeneyi. Musaupereke kwa munthu wolandira ndiwo.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana kunyanja, dzuwa lapendeka, ndiye ndithamange. Loweruka bwerani nonse, alovi, eni maboti, amayi owamba ndi ogulitsa, achinyamata. Musatume munthu. M'komiti mukhale alovi enieni ndi amayi, osati eni makoka okhaokha kapena abale a munthu mmodzi. Mlembi akhale wodziwa kulemba, msungichuma akhale wina, ndipo chindapusa chilichonse chikhale ndi lisiti, chiziwerengedwa pagulu mwezi ndi mwezi. Ukonde ukalandidwa ulembedwe pamaso pa mfumu ndi mboni, usagone kunyumba kwa wa komiti. Mlendo wobwera ndi boti ayambe waonetsa kalata ya kumene achokera ndi zida zake asanaponye m'madzi. Kulondera muzipita anthu angapo, osati mmodzi, ndipo osamenya munthu. Wa komiti akapezeka walandira kanthu, ngakhale chigoba chimodzi cha usipa, mudzi ukhale pansi umuchotse osadikira chisankho china. Amene laisensi yanu yatha mundipeze pansi pa mtengo uwo tikangomaliza, mafomu ndabwera nawo. A Gulupu, ndabweza kwa inu.