Nkhuku yabodza ndi gogo wachimuna: nthabwala za Khirisimasi pa TV ya ku Britain

[Pa sikirini: msewu wa ku London, magetsi ayaka, anthu avala majekete]

Moni nonse owonera. Ku Britain pa 25 December mdima umagwa cha m'ma 4 koloko masana, ndipo kunja kumazizira koopsa. Ndiye banja likadya nkhukundembo, n'kumvera uthenga wa mfumu wa 3 koloko, onse amathinana pabalaza, maso pa TV imodzi. Agogo ali pompo, adzukulu ali pompo, amalume okhuta vinyo nawonso ali pompo. Amene akukonza filimu yoseketsa ya tsikuli ayenera kuseketsa onsewa nthawi imodzi, popanda wina kuchita manyazi. Si ntchito yamasewera.

Koma wolemba ndemanga m'nyuzipepala amaonera yekha, cholembera chili m'manja, nthawi zambiri tsikulo lisanafike. Mkangano wa chaka ndi chaka umayambira pamenepo.

[Pa sikirini: Mrs Brown atavala juzi ndi magalasi]

Taonani gogo uyu. Ndi mwamuna, Brendan O'Carroll wa ku Ireland, amene amavala ngati mayi wokalamba wa pakamwa polasa mu Mrs Brown's Boys. Olemba ndemanga akhala akuinyoza kwa zaka, akuti nthabwala zake n'zakale, zotukwana, zoti umadziwiratu pothera. Anthu wamba sanawamvere. Mu 2016 owerenga magazini ya Radio Times anaisankha kukhala sewero loseketsa labwino koposa la ku Britain chiyambire 2000. Ine pandekha sindiseka nayo kwenikweni, koma ndikumvetsa: ikulakwitsa mawu pamaso pa anthu, ochita sewero akuphulika kuseka, kamera n'kuonetsa zonse osabisa. Anthu amamva ngati ali nawo m'chipindamo.

Zakale zina tingodutsamo. Mu 1996 sewero loseketsa la Only Fools and Horses linakopa anthu oposa 24 miliyoni pa gawo limodzi la nyengoyi. Ndipo Mr Bean uja timamudziwa tonse, mutu utakanirira m'nkhukundembo, ndi gawo la Khirisimasi ya 1992 pa ITV.

[Pa sikirini: Wallace ndi galu wake Gromit]

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitse. Pa Khirisimasi ya 2024, BBC One inaonetsa Wallace & Gromit: Vengeance Most Fowl, filimu ya mphindi 79 ya kampani ya Aardman ya ku Bristol. Anthu ake ndi zidole zoumba ndi manja. Amasuntha chidole pang'ono, kujambula chithunzi, kusunthanso pang'ono, kujambulanso, mpaka tsiku lonse kutha atapeza masekondi ochepa chabe. Mukayang'anitsitsa nkhope ya Gromit mumaona zidindo za zala za woumba.

Gromit alibe pakamwa. Salankhula. Zonse amanena ndi chipumi ndi maso. Mdani wake, Feathers McGraw, nayenso salankhula: ndi penguin wakuba, amene amangovala golovesi yofiira kumutu anthu n'kumati ndi nkhuku. Anayamba kuoneka mu The Wrong Trousers, imene BBC inaonetsa pa nyengo ya Khirisimasi mu 1993 ndipo inapata Oscar. Patapita zaka 31 Nick Park, mwini zidolezi, anamubweza, ali m'ndende ya kumalo osungira nyama, akukonza zobwezera pogwiritsa ntchito kaloboti ka Wallace kotchedwa Norbot.

Mwaiona nzeru yake? Mwana wa zaka zisanu akuseka chidole chikugwa. Bambo ake akuseka zoti makina anzeru alanda ntchito ya galu m'dimba. Agogo akukumbukira 1993. Palibe mawu oti wina atseke makutu a mwana. Ndipo ulendo uno olemba ndemanga anagwirizana ndi pabalaza: anaiyamikira pafupifupi onse, inapata mphoto ziwiri za BAFTA, zomwe ndi mphoto za mafilimu ku Britain, mu 2025, n'kupikisana nawo pa Oscar, ngakhale kumeneko inagonja kwa filimu ya Flow ya ku Latvia.

Usiku wa Khirisimasi ya 2024 uja anthu oposa 9 miliyoni anaionera. Inaposedwa ndi Gavin & Stacey yokha, sewero lina loseketsa, gawo lomaliza la mphindi 90, imene inakopa 12.3 miliyoni. Kumeneko nyambo inali ina: mu 2019 Nessa, mkazi wa m'seweroli, anagwada kufunsira mwamuna wotchedwa Smithy ukwati, sewero n'kuthera pomwepo yankho lisanamveke. Anthu anadikira zaka zisanu!

Nanga gogo wathu uja? Analipo usiku umenewo, koma owonera ake anali atachepa kwambiri poyerekeza ndi zaka khumi zapitazo, pomwe ankatsogolera tsikuli. Olemba ndemanga sanasinthe mawu awo. Amene anasintha ndi anthu a pabalaza.

Kunja kwa Britain filimu ya Wallace ndi Gromit ili pa Netflix kuyambira January 2025. Mukaipeza, muone pomwe Feathers akungoyang'ana kamera osaphethira, mundiuze ngati simunachite mantha ndi mbalame yadongo.