Kujambula bowa pafupi: chithunzi chimodzi sichikwana

[M'bandakucha. Kamera ili pansi m'mbali mwa chulu, kumbuyo kukuoneka migwalangwa.]

Mwadzuka bwanji abale anga. Nthawi yangopitirira 5 koloko ndipo ndili chakuno ku Ngabu, m'boma la Chikwawa. Mvula yagwa masiku awiri otsatizana, n'chifukwa chake mwandipeza nditagona chafufumimba m'matope ngati wosaka mbewa. Taonani kabowa aka. Kutalika kwake sikufika ngakhale chala changa chaching'ono.

[Chithunzi cha kabowako chidzaze sikirini.]

Ichi ndachijambula kamodzi kokha. M'mphepete mwa chisoti mukuoneka bwino, kadontho ka mame nako kakuoneka, koma tsinde ndi timizere ta pansi zangoti mbuu. Lenzi ndi yabwinobwino. Vuto ndi lakuti mukayandikira kwambiri chinthu, gawo limene kamera imaonetsa bwino limapyapyala. Pa mlingo umene ojambula amati 1:1, pamene chinthu chimalowa m'kamera pa kukula kwake kwenikweni, kabowo kolowera kuwala kali pa f/8, gawolo silikwana milimita imodzi. Tsono chisoti ichi n'chotambalala mamilimita pafupifupi 20.

Wina anena kuti ingochepetsani kabowoko mpaka f/22. Mupindula pang'ono, inde, koma kuwala kukamadutsa pothina chonchi kumamwazika, ndiye chithunzi chonse chimachita chimbuuzi. Mwathawa mvula n'kugwera mu Shire.

Apa ndi pamene pamabwera focus stacking, kusanjikiza zithunzi. Ganizirani phwetekere woduladula mopyapyala. Chithunzi chilichonse ndi kachidutswa kamodzi kooneka bwino. Mumayamba ndi mbali ya bowa yoyandikira lenzi, kujambula, kusuntha focus (malo amene lenzi ikuonetsa bwino) pang'ono, kujambulanso, mpaka mutafika kumbuyo. Kenako kompyuta imatola pooneka bwino pa chilichonse n'kuphatikiza. Kabowa aka kafuna zithunzi 30 kapena 40, chifukwa zidutswazo ziyenera kulowana. Mukadumpha, pamatsala mzere wa chimbuuzi pakati pa chisoti, ndipo mudzauona muli kale kunyumba.

[Manja aoneke akuika kamera pa sokosi yotupa.]

Tripod yanga, choimikapo kamera cha miyendo itatu, sifika pansi penipeni, ndiye ndimagwiritsa ntchito sokosi yakale yodzaza mchewere. Kamera ikakhala pamenepo sigwedera. Zonse ikani pa manual, pamene kamera siisintha kanthu payokha: liwiro lojambulira, ISO (mphamvu yolandirira kuwala), ngakhale white balance (kaonekedwe ka mitundu), kuti zithunzi zisasiyane kuwala. Ikaninso timer ya masekondi 2 kuti chala chanu chisagwedeze kamera. Makamera ena amasuntha okha focus, monga Nikon D850 ya mu 2017 ndi Canon EOS RP ya mu 2019, ndipo ena a Olympus amaphatikiza zithunzizo mkati momwemo. Yanga ndi yakale, ndimapotokola ndi dzanja. A foni za Android yesani pulogalamu ya Open Camera, ili ndi focus bracketing, kujambula zithunzi zingapo ikusuntha yokha focus, ngakhale si foni iliyonse imene imalola.

Koma zimene ndadzukira usiku si zimenezi.

Njira yonseyi imadalira kuti pasasunthe kanthu kuyambira chithunzi choyamba mpaka chomaliza. Anthu amaopa mphepo. Kuno kuchigwa, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo ngakhale m'dzinja dzuwa silichita nthabwala, chimene chimasuntha ndi bowa mwini wakeyo. Thupi lake ndi madzi okhaokha. Dzuwa likangomugunda, tsinde limayamba kuwerama, m'mphepete mwa chisoti n'kumapindika. Ndi maso simuona kanthu. Koma pa mlingo wa 1:1, kusuntha kwa theka la milimita ndi ulendo.

Chaka chatha ndinapeza kabowa kokongola pa chitsa chowola, ndinangoti bowa bwanga. Nthawi inali cha m'ma 9. Ndinajambula zithunzi 52 mosafulumira, ndikudzitama mumtima, thukuta lili kamukamu. Madzulo nditaphatikiza, kabowa kanatuluka ndi zisoti zitatu ngati ka m'maloto oipa. Kanali kakufota ine ndikupotokola lenzi. Kuyambira tsiku limenelo, ikakwana 7 koloko ndimalongedza.

Ngati mwachedwa, tchingani ndi ambulera yoyera musanayambe n'komwe kukonza kamera. Imachedwetsa kufota, komanso imafewetsa kuwala, moti mtambo ukadutsa pakati pa ntchito zithunzi sizisiyana kwambiri. Ndipo fulumirani. Zithunzi 25 za mphindi ziwiri zimaposa 60 za mphindi khumi.

[Kamera itembenukire ku chulu. Utale waukulu uli m'munsi mwake.]

Uyu ndiye utale. Amayi ena a m'mudzi muno ndi amene andilozera, atandiuza kuti ndijambule msanga chifukwa ndiwo za masana ndi zomwezi. Zikomo amayi, sindichedwa. Bowa wamtunduwu amalimidwa ndi chiswe mkati mwa chulu, n'chifukwa chake mukamuzula amatuluka ndi chimuzu chachitali cholowera pansi. Akatswiri amamutcha Termitomyces, ndipo m'bale wake wa ku Zambia, amene analembedwa m'mabuku a sayansi mu 1980, chisoti chake chimatha kufika mita imodzi. Wamkulu chonchi savuta, mumaima patali ndipo zithunzi 6 kapena 8 zakwana. Musanagone pafupi ndi chulu, gogodani ndi ndodo, m'mauna ake mumakhala njoka.

Manyame musavutike kuwafuna m'tsanya ndi m'milambe ya pansi pano. Amamera mogwirizana ndi mizu ya mitengo ya miombo, ndiye muyenera kukwera chakumapiri. Ku Majete mitengoyo iliko, koma kuli mikango chibwezeretsereni mu 2012, si malo ogona chafufumimba.

[Kagalasi kakang'ono kaikidwe pansi pa chisoti.]

Kukongola kwenikweni kuli kunsi kuno, m'timizere iti, koma n'kwamdima. Kagalasi ka m'thumba kapena pepala lonyezimira la mkati mwa paketi ya bisiketi limabwezera kuwala m'menemo. Kunsiku kumathandizanso kuzindikira mtundu. Pali bowa wina woyera, wooneka bwino, womera pa udzu, Chlorophyllum molybdites, amene timizere take timasanduka tobiriwira akakhwima, ndipo amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba koopsa. Komabe musanditumizire chithunzi kuti ndikuuzeni ngati bowa ali wodyedwa. Funsani amayi amene akhala akuzula pamalopo zaka zonsezi.

[Panyumba, pa laputopu.]

Pophatikiza pali mapulogalamu a Helicon Focus ndi Zerene Stacker, zogula zonse, kapena Photoshop ngati muli nayo kale. CombineZP ndi yaulere ya pa Windows, yakale koma imagwira. Ndalowetsa zithunzi 34 za kabowa kathu kaja. Musanadine, ziyang'aneni chimodzichimodzi n'kuchotsa chimene chagwedera. Taonani tsopano, kuchokera ku kadontho ka mame mpaka mchenga wa patsinde, zonse zili ngwee.

[Akulitse mbali ya tsinde.]

Kupatula apa. Mukuona timadontho takuda tandandalika ngati mikanda? Ndi nyerere imodzi yomweyo, inkakwera tsinde ine ndikujambula, ndiye yatuluka kasanu ndi kawiri. Ndisankha chithunzi cha nambala 19, pamene ili bwino miyendo yonse ikuoneka, ndiisiye pamenepo. Zinazo ndifufuta ndi burashi ya m'pulogalamuyi pogwiritsa ntchito zithunzi zimene nyerereyo inali isanafike.