Wojambula pulani akakhala yemweyo womanga: za kontilakiti za magetsi a pa damu

Zikomo a tcheyamani. Amayi ndi abambo, mwachoma bwanji nonse? Amene muli kumbuyo uko, mawu akapanda kufika mukweze dzanja.

Munapempha kuti tikambirane mawu aja amamveka pa wailesi ZESCO ikamamanga siteshoni ya magetsi: EPC, turnkey, design-build. Mayinawa amasiyana pang'ono pa pepala, koma mtima wake ndi umodzi. Kampani imodzi ijambule pulani, igule makina, imange, ikamaliza ipereke makiyi.

Tiyambire pa poloti, poti ambiri muno munamangapo kapena munaona m'bale wanu akumanga ku Chalala. Mwa njira yakale mumalipira wojambula pulani, kenako mumafuna womanga. Khoma likang'ambika, womanga amati, "Ine ndinatsata pulani." Wojambula amati, "Ameneyo anachepetsa simenti." Inu eni nyumba muli pakati, ndalama zapita. Njirayi si yoipa ayi. Kariba inamangidwa motero: akatswiri a Coyne et Bellier a ku France anajambula, kampani ya Impresit ya ku Italy inamanga, ndipo khoma la mamita 128 lomwe linatha mu 1959 lidakaimabe. Kungoti mwini ntchito amasenza yekha zonse zogwera pakati pa awiriwo.

Kafue Gorge Lower inayenda njira inayo. Kampani ya Sinohydro inatenga ntchito yonse mu 2015, makina asanu a mamegawati 150 aliwonse, pamodzi 750, ndipo siteshoni yonse inatsegulidwa mu 2023. N'chifukwa chiyani makampani a boma amaikonda njira imeneyi? Choyamba, obwereketsa ndalama amafuna kuona mtengo umodzi ndi tsiku limodzi lomalizira. Chachiwiri n'cha uinjiniya. Nyumba ya makina simungaijambule bwino musanadziwe makina olowamo. Chigoba chachitsulo chozungulira turbine (makina ozungulitsidwa ndi madzi), chooneka ngati nkhono, chimakwiriridwa m'konkire. Kreni ya m'denga iyenera kunyamula chigawo cholemera kwambiri cha jenereta. Wopanga makina akasintha muyeso pang'ono konkire itathiridwa kale, ndiye kuswa. Onse akakhala pansi pa kampani imodzi, mutu umenewo ndi wawo. Komanso amatha kuyamba misewu ndi kupatutsa mtsinje pomwe mapulani a mkati akujambulidwabe.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa nkhani yonse yagona pano. Mukapatsa munthu mtengo wosasintha n'kumuuza kuti pulani ajambule yekha, kwacha iliyonse imene wapulumutsa ndi yake. Si kuba, ndi malonda. Chitsulo cha paipi yaikulu yotsitsa madzi akachipepula pang'ono, phindu ndi lake. Penti yotchipa, mavavu otchipa, zida zosinthira zochepa, chimodzimodzi. Iye amayankha zolakwika kwa chaka chimodzi kapena ziwiri atapereka makiyi. Siteshoni imayenera kugwira ntchito zaka 50 ndi kupitirira. Chitetezo cha mwini ntchito ndi chikalata chimene amalemba tenda isanatuluke, chofotokoza zimene akufuna. Chimene sichinalembedwe mmenemo sadzachipeza, kapena adzachigula pa mtengo wa wogulitsa mmodzi yekha.

Mulembedwe chiyani? Osangoti "tikufuna mamegawati akutiakuti". Mphamvu ya siteshoni imachokera pa zinthu zitatu: kuchuluka kwa madzi odutsa pa sekondi, kutalika kwa pamene akugwera, ndi mmene makinawo amasandutsira mphamvu ya madzi kukhala magetsi. Madzi okwana ma cubic metre 100 pa sekondi, akugwa mamita 100, pa makina opereka 90 peresenti, amatulutsa pafupifupi mamegawati 88. Madzi a m'damu akatsika, mamita aja amachepa, magetsi nawo amachepa. Choncho chikalata chinene mamegawati ofunika damu litadzaza, ndiponso litatsika. Chinene peresenti imene makina ayenera kufika, ndi ndalama zimene kontilakitala adzadulidwe akalephera. Peresenti imodzi imaoneka yaing'ono, koma pa mamegawati 750 ndi mamegawati 7.5 otayika ola lililonse makina akamathamanga, kwa moyo wonse wa siteshoni.

Chinenenso mtundu wa chitsulo cha gudumu la turbine, chifukwa mchenga wa mumtsinje umalipala, ndipo timathovu tophulika m'madzi othamanga timalibowola ngati chiswe. Chinene kuti kachitsanzo kakang'ono ka turbine kayesedwe kaye eni ntchito akuona, chachikulu chisanapangidwe. Ndipo zinthu zooneka zazing'ono: mabuku a makina akhale m'chinenero chimene amisiri athu amawerenga, mapasiwedi a makompyuta oyendetsa siteshoni aperekedwe, zida zosinthira zitchulidwe chimodzichimodzi, anthu athu aphunzitsidwe makina akuikidwa osati atatha. Siteshoni imatha kuima masabata angapo chifukwa cha kachida kamagetsi kolowa m'thumba la malaya.

Pali zinthu ziwiri zimene ngakhale kontilakiti yolembedwa bwino singachotse. Choyamba ndi mwala. Anthu a ku Kanyama mukudziwa: wina akumba chimbudzi n'kupeza dothi lofewa, mnzake wa pafupi apeza thanthwe pa mita imodzi, wachitatu apeza madzi. Ngalande ya pansi pa phiri ndi chimodzimodzi, kungoti ndi makilomita. Mwini ntchito ayenera kuboola miyala n'kutulutsa zitsanzo tenda isanayambe, chifukwa pa miyezi yochepa ya tenda palibe kampani ingafufuze phiri lonse. Mukamuuza kontilakitala kuti za pansi zonse ndi zake, achita chimodzi mwa ziwiri. Wochenjera akweza mtengo, mulipire ngozi imene mwina sidzachitika. Wanjala atsitsa mtengo kuti apambane, akakumana ndi mwala wowola ntchito iima, maloya ayamba kudya. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Bungwe la FIDIC, limene limalemba zitsanzo za makontilakiti ogwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri, limachenjeza lokha kuti chitsanzo chake cha turnkey, chotchedwa Silver Book, sichiyenera ntchito yokhala ndi zokumba zambiri pansi pa nthaka. Mu 2019 linatulutsa china, Emerald Book, cha ntchito zoterozo. Mfundo yake ndi yosavuta: mulembe mwala umene mukuyembekezera. Ukaipa kuposa pamenepo mwini awonjezera ndalama ndi masiku, ukakhala wabwino kuposa pamenepo mtengo utsika.

Chachiwiri ndi madzi. Kontilakitala amalonjeza makina, salonjeza mvula. Nyanja ya Kariba imadzaza pa mamita 488.5 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo madzi akatsika kufika pa 475.5 makina sangathenso kugwira bwino ntchito. Nyanja yonse ija, yopangira magetsi ndi mamita 13 apamwamba okha. Mu 2024 makina analipo, abwinobwino, koma tinagona mumdima ndipo ma welder a ku Kalingalinga ankagwira ntchito pakati pa usiku malaiti akabwera. Kuwerengera madzi a mtsinje, zaka za chilala ndi za chigumula, ndi ntchito ya mwini asanasankhe kukula kwa siteshoni.

Nthawi zina damu limakhala lilipo kale. La Itezhi-Tezhi linamangidwa m'zaka za m'ma 1970 kuti lisunge madzi a Kafue Gorge, ndipo siteshoni yake ya mamegawati 120 inayamba mu 2016. Ku Kariba North Bank anawonjezera makina awiri a mamegawati 180 aliwonse. Ntchito yotere ili ngati kuwonjezera chipinda pa nyumba imene anthu akugonamo. Kontilakiti inene malire a kugwedezeka kwa nthaka pophulitsa miyala pafupi ndi khoma, ndi zida zoyezera kugwedezekako. Inene masiku amene makina akale angazimitsidwe polumikiza. Inenenso mwini khoma ndani: la Kariba lili m'manja mwa Zambezi River Authority, ya Zambia ndi Zimbabwe, osati ZESCO.

Za tenda ndidutsa mwamsanga. Imayendera malamulo a ZPPA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu za boma. Mumayamba mwasefa makampani amene anamangapo ntchito yofanana. Envelopu ya luso imatsegulidwa kaye, ya mtengo pambuyo, ndipo poyerekeza mitengo mumawerengera magetsi amene makina a aliyense adzatulutse. Wopambana amaika chikole cha ku banki, kawirikawiri 10 peresenti ya mtengo. Ndalama zoyambira ntchito nazo zimafuna chikole chake. Malipiro amatsata zimene zatha, ndipo kagawo kamasungidwa mpaka kumapeto. Kuchedwa kuli ndi chindapusa cha tsiku ndi tsiku, koma chili ndi polekezera, nthawi zambiri cha pa 10 peresenti, pomwe magetsi otayika pa chaka chochedwa amatha kuposa pamenepo.

Kulakwitsa kofala n'kuganiza kuti mukasaina mwapuma. Mwini ntchito amafunika mainjiniya akeake, olipidwa ndi iye. Mwa zitsanzo za FIDIC amakhala ndi masiku 21 oti aone pulani iliyonse imene kontilakitala watumiza, ndipo akangokhala chete ntchito imapitirira. Ayenera kupita ku fakitale kukaona makina asanakwere sitima, kuswa zitsanzo za konkire pa masiku 7 ndi 28, kuima pomwepo simenti ikamapoperedwa m'ming'alu ya mwala pansi pa khoma, poti ikakwiririka palibe adzaionenso. Koma asalowerere n'kumalamula kuti jambulani chonchi, chifukwa akatero udindo wa pulani wabwerera kwa iye, ndipo kusintha kulikonse kuli ndi mtengo wake. Pomaliza makina amayesedwa: amawadula mwadzidzidzi pa mawaya akuthamanga ndi mphamvu yonse, kuti aone ngati ziwongolero zitseka madzi bwino popanda kuphulitsa paipi, kenako amathamanga masabata angapo osaima. Mawaya a 330 kV otengera magetsiwo akhale atatha, apo ayi kontilakitala anena kuti wachedwetsedwa ndi mwini.

Ndaona dzanja uko. Inde amayi, funsani.

Amayi akufunsa kuti anthu wamba amalowa pati, ndiponso ntchito za ana athu. Pa ntchito, boma lili ndi ndondomeko yoti 20 peresenti ya ntchito zazikulu zomanga ipite kwa makontilakitala a kuno, ndipo kampani yofuna gawo limenelo iyenera kukhala yolembetsedwa ku National Council for Construction. Koma funsani kuti ndi ntchito ziti. Kusenza mchenga ndi kulondera geti sikusiya luso. Kuwotcherera mapaipi ndi kuika mawaya kumasiya. Zimenezo nazo zilembedwe m'chikalata chija tenda isanatuluke.

Za kusamutsa anthu, malo ndi manda, udindo umakhala wa mwini ntchito ndi boma. Kariba inasamutsa Atonga pafupifupi 57,000 mbali zonse ziwiri za Zambezi, ndipo mabala ake sanapole. Masiku ano lipoti la mmene ntchito idzakhudzire anthu ndi chilengedwe limapita ku ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndipo limaikidwa poyera kuti anthu aperekepo maganizo. Amene muli ndi abale kumudzi kufupi ndi mtsinje, auzeni apite ku misonkhano imeneyo, aonetsetse kuti dzina lawo, munda wawo ndi mitengo yawo ya zipatso zalembedwa pa tsiku la kalembera, ndipo asunge pepala lawo.

Bambo a chipewa, munali ndi funso inunso?